Arena, sitediyamu, Colosseum: mabwalo a Aroma akale ndi mayina amene adatisiyira

Amene amatsata mpira wa ku Ulaya adazolowera kumva kuti Bayern Munich ikusewera ku Allianz Arena, kapena kuti fainolo ya FA Cup ili ku Wembley Stadium. Ku Los Angeles kuli bwalo lotchedwa Memorial Coliseum, komwe kudachitikira masewera a Olympics mu 1932 ndi mu 1984. Nawonso okonza Olympics ya nyengo yozizira ya 2026 ku Italy adasankha kuti mwambo wotsekera ukachitikire ku Arena di Verona, chimango cha miyala chomwe chaima kwa zaka pafupifupi 2,000. Mayina onsewa amamveka ngati akunena chinthu chimodzi. Atolankhani amawasinthanitsa mmene afunira, ndipo ife m'Chichewa timangoti bwalo basi.

Kwa Aroma akale sizinali choncho. Chionetsero chilichonse chinali ndi nyumba yakeyake, ndipo kamangidwe ka nyumbayo kankatsatira chimene anthu abwera kudzaona. Munthu ukadziwa kusiyana kwa nyumbazi umayamba kumvetsa chifukwa chimene mabwalo athu a mpira amaonekera mmene amaonekeramu, komanso zimene olamulira a Roma ankafuna posonkhanitsa anthu 50,000 pamalo amodzi.

Chionetsero chilichonse ndi nyumba yake

Tiyambe ndi *theatrum*, bwalo la zisudzo, lomwe Aroma adatengera kwa Agiriki. Mipando yake imazungulira theka lokha. Kutsogolo kuli nsanja ya ochita sewero, ndipo kuseri kwa nsanjayo kuli khoma lalitali lokongoletsedwa. Onse amayang'ana mbali imodzi, chifukwa pa sewero umafuna kuona wolankhulayo ndi kumva mawu ake. Owerenga Baibulo adakumana nalo kale bwalo lotere. Pa Machitidwe 19, osula siliva a ku Efeso atautsa chipolowe chifukwa cha chiphunzitso cha Paulo, khamu lidathamangira m'bwalo la zisudzo n'kufuula kwa maola ngati awiri. Bwalo limenelo lilipobe ku Turkey, ndipo linkakwana anthu pafupifupi 25,000. Mumzinda wa Roma akuluakulu adakaniza kwa nthawi yaitali kumanga bwalo la zisudzo lokhalitsa, mpaka Pompey, mkulu wa asilikali, adamanga lake la miyala mu 55 BC.

*Stadium* nayonso ndi ya Agiriki, ndipo poyamba unali muyeso wa mtunda, pafupifupi mamita 185. Mpikisano wothamanga mtunda umenewo udatenga dzinalo, kenako malo othamangirawo adalitenganso. Linali bwalo lalitali, lopapatiza, la othamanga, olimbana ndi ankhonya. Aroma masewera amenewa sankawakonda kwenikweni, ankawaona ngati achilendo. Mfumu Domitian idamanga stadium ku Roma cha mu 86 AD, ndipo ngakhale mipando yake idakwiririka, maonekedwe ake adakalipo pa Piazza Navona, chifukwa nyumba zozungulira malowa zidamangidwa pa maziko ake.

Kumene mtima wa Aroma unali ndi ku *circus*, bwalo la mpikisano wa magaleta okokedwa ndi akavalo. Circus Maximus inali yotalika mamita oposa 600 ndipo inkakwana anthu osachepera 150,000, kuchulukitsa katatu a ku Colosseum, bwalo lotchuka la mumzinda wa Roma. Magaleta ankatuluka pa zipata 12 n'kuzungulira kasanu ndi kawiri khoma lotsika lodutsa pakati pa bwalo. Ngozi zambiri zinkachitikira pokhota. Matimu analipo anayi, Ofiira, Oyera, Obiriwira ndi Abuluu, ndipo ochemerera ankadana zenizeni. Woyendetsa galeta wina, Gaius Appuleius Diocles, adapambana mipikisano 1,462 pa zaka 24, malinga ndi mwala umene adalembapo mbiri yake. Kumadera olankhula Chigiriki bwalo lotere linkatchedwa *hippodromos*. La ku Constantinople ndi kumene ochemerera Abuluu ndi Obiriwira adagwirizana zoukira mfumu Justinian mu 532, asilikali n'kupha anthu pafupifupi 30,000 m'bwalo momwemo.

Ndiye pali *amphitheatrum*, yomwe ndi ya Aroma eniake. Kachidutswa koyambako, *amphi*, kamatanthauza mbali zonse: malo openyera kuchokera kulikonse. Aliyense amene adaonererapo gule kumudzi akudziwa chifukwa chake. Palibe amene amauza anthu kuti azungulire. Amazungulira okha, popeza wovina amatembenukira kwina kulikonse ndipo palibe mbali imene ungati ndi kutsogolo. Anthu awiri omenyana ndi malupanga nawonso ali choncho. Aroma adangotenga mzere wozungulira wa oonererawo n'kuukweza m'mwamba ndi miyala kuti wakumbuyo aone pamwamba pa mutu wa wakutsogolo. Bwalo lozungulirali silinali lobulungira ndendende koma lotalikirako mbali imodzi, lopanda ngodya yoti munthu kapena nyama ibisalemo. Pakati pake ankathirapo mchenga womwa magazi, ndipo mchenga m'Chilatini ndi *harena*. Apa ndi pamene padachokera arena. Mipando inali ndi dzina lake, *cavea*.

Kunena mwachidule, bwalo la mpira la masiku ano lili ndi dzina la stadium koma thupi lake ndi la amphitheatrum.

Zidayambira pa maliro

Nkhondo za anthu awiriawiri sizidayambe ngati zosangalatsa za boma. Olemba mbiri a Roma amati yoyamba mumzindawo idachitika mu 264 BC, pamene ana a Junius Brutus Pera adamenyanitsa amuna asanu ndi mmodzi pa maliro a bambo wawo, pamsika wa ng'ombe. Chionetsero chotere chinkatchedwa *munus*, kutanthauza udindo kapena mphatso imene amoyo ayenera kupereka kwa womwalira. Omenyanawo ndi amene timawadziwa kuti magladieta, kuchokera ku *gladius*, lupanga.

Andale sadachedwe kuona kuti maliro odzaza anthu ndi kampeni yabwino. Julius Caesar, mu 65 BC, adakonza chionetsero chokumbukira bambo ake omwe adamwalira zaka 20 m'mbuyomo, n'kubweretsa magulu 320 a awiriawiri. Aphungu a Senate adachita mantha kuona amuna ochuluka chonchi a zida ali m'manja mwa munthu mmodzi, moti adaika malire a chiwerengero. Mantha awo anali ndi maziko, chifukwa padali patangopita zaka zochepa chithereni nkhondo ya Spartacus, yemwe adathawa pa sukulu ya magladieta ku Capua mu 73 BC n'kusonkhanitsa gulu lalikulu la akapolo.

Kwa zaka zambiri zionetserozi zinkachitikira pabwalo la msika, pa mipando ya matabwa yomwe ankaphwasula zonse zikatha. Akatswiri ena amaganiza kuti kutalikirako kwa bwalo lozungulira kudachokera pamenepa, popeza mipandoyo inkatsata maonekedwe a msikawo. Limodzi mwa mabwalo a miyala akale kwambiri omwe alipobe ndi la ku Pompeii, lomangidwa cha mu 70 BC ndi akuluakulu awiri a mzindawo, Gaius Quinctius Valgus ndi Marcus Porcius, ndi ndalama za m'thumba mwawo. Pa mwala wa chikumbutso sadalembepo amphitheatrum. Adalemba *spectacula*, zoonerera. Nyumbayo idayamba kukhalapo dzina lisanakhazikike. Roma weniweni adapeza bwalo lozungulira lake loyamba la miyala mu 29 BC, lomangidwa ndi Statilius Taurus, ndipo lidapsa pa moto waukulu wa mu 64 AD.

Colosseum: ndani adamanga, ndi ndalama zochokera kuti

Moto womwewo utazima, mfumu Nero adatenga dera lalikulu pakati pa mzinda n'kumangapo nyumba yake yachifumu yokhala ndi minda ndi nyanja yokumba. Anthu zidawawawa. Nero atadzipha mu 68 AD kudabuka nkhondo yolimbirana mpando, ndipo amene adapambana, Vespasian, adaphwetsa nyanja ija n'kuyamba kumangapo bwalo la anthu onse cha mu 72 AD. Uthenga wake aliyense adaumva: malo amene mfumu idadzitengera abwerera kwa anthu.

Ndalama zake zidachokera ku zofunkha za nkhondo. Mu 70 AD Titus, mwana wa Vespasian, adagwetsa Yerusalemu ndi kachisi wake. Katswiri wa zolemba za pamiyala, Géza Alföldy, adaunika timabowo totsala pa mwala wina wa pa bwaloli, momwe kale munkalowa misomali yogwira zilembo zamkuwa, n'kuwerenga kuti Vespasian adalamula kumanga bwalo latsopano ndi chuma cholanda ku nkhondo. Akatswiri ambiri amamva kuti nkhondo yake ndi ya ku Yudeya imeneyo. Titus ndi amene adatsegulira bwaloli mu 80 AD ndi zionetsero za masiku 100. Cassius Dio adalemba kuti nyama 9,000 zidaphedwa pa masikuwo.

Eniake sankalitcha Colosseum. Ankangoti amphitheatrum, ndipo akatswiri a lero amati Amphitheatrum Flavium potengera dzina la banja la Vespasian. Dzina lotchukali lidabwera patapita zaka mazanamazana, ndipo ambiri amati lidachokera ku chifaniziro chamkuwa cha Nero, chotalika mamita oposa 30, chotchedwa Colossus, chomwe chidaima pambali pake. Choncho Colosseum ndi dzina la nyumba imodzi, osati la mtundu wa nyumba. Mabwalo ozungulira omwe zotsalira zake zidapezeka m'madera onse a ufumu wa Roma ndi oposa 200.

M'litali ndi mamita 189, m'lifupi 156, ndipo khoma lakunja limafika mamita 48 kupita m'mwamba. Ambiri amavomereza kuti munkalowa anthu pafupifupi 50,000, kuposa a ku Bingu National Stadium komwe kumakwana 40,000 ndi kanthu. Miyala ya khoma lakunja idachokera ku Tivoli, mtunda wa makilomita ngati 30, ndipo sadaimange ndi matope kapena laimu koma adailumikiza ndi zitsulo. Mabowo ambirimbiri omwe amaoneka pa khomalo lero adaboola ndi anthu a m'zaka za pambuyo pake pofuna zitsulozo. M'katimo adagwiritsa njerwa ndi konkire ya Aroma, yosakaniza laimu, miyala ndi phulusa la mapiri ophulika. Agiriki ankatsamiritsa mipando yawo pa phiri. Aroma, pokhala ndi konkire komanso luso la makomo opindika pamwamba omwe amasenza katundu wolemera, ankatha kumanga phirilo okha paliponse pamene afuna, ngakhale pa dambo.

Kulowa, kukhala, kutuluka

Luso lenileni la nyumbayi, mmene ndimaonera, lili m'makonde ndi m'masitepe kuposa pa khoma lomwe alendo amajambula. Pansi pali makomo 80 kuzungulira. Mwa amenewa 76 anali ndi manambala osema pamwamba pake, ndipo ena mwa manambalawo amawerengeka mpaka lero. Anayi otsalawo anali a mfumu, akuluakulu ndi ochita chionetsero. Munthu ankalowa pa khomo la nambala yake, n'kukwera masitepe omutengera ku gawo lake lokha, n'kutulukira pa kakhomo ka pakati pa mipando. Timakomo timeneti timatchedwa *vomitoria*, chifukwa timalavula khamu. Nkhani imene imamveka yoti vomitorium chinali chipinda chosanziramo anthu akakhuta pa phwando ndi yabodza. Omanga mabwalo a mpira amagwiritsabe dzinali ponena za mipata yolowera ku mipando.

Makonde omwewo ankagwiranso ntchito ina, yolekanitsa anthu. Mfumu Augustus idaika malamulo a kakhalidwe pa zionetsero. Aphungu a Senate ankakhala kutsogolo kwenikweni pa nsanja yotchedwa *podium*, kumbuyo kwawo olemera a gulu lachiwiri, kenako nzika wamba zovala *toga*, nsalu yoyera yosonyeza unzika. Asilikali anali ndi malo awo, amuna okwatira malo awo, anyamata ndi aphunzitsi awo malo awo. Osauka ovala zakuda, akapolo ndi amayi ankakankhidwira kumwamba kwenikweni, kupatulapo anamwali otumikira mulungu wamkazi Vesta, omwe anali ndi malo aulemu pansi. Munthu akakweza maso ankaona mtundu wonse wa Aroma utasanjidwa, wamkulu pansi, wamng'ono m'mwamba, aliyense akudziwa pake. Phungu ndi kapolo ankatha kuonera chionetsero chimodzi osakhudzana phewa ngakhale pa sitepe.

Dzuwa la ku Roma limaotcha. Pamwamba pa khoma pali malo 240 oimikapo mitengo yomwe inkagwira chinsalu chachikulu chotchinga dzuwa, *velarium*. Okoka zingwe zake anali amalinyero a zombo zankhondo za ku Misenum, anthu ozolowera matanga ndi mphepo. Zolengeza zionetsero zomwe zidalembedwa pa makoma a ku Pompeii zimalonjeza kuti chinsalucho chidzakhalapo, kusonyeza kuti mthunzi unkakopa anthu.

Pansi pa mchenga panali matabwa, ndipo pansi pa matabwawo mfumu Domitian idawonjezera zipinda ndi makonde, zomwe zimatchedwa *hypogeum*, kutanthauza za pansi pa nthaka. Ndizo makoma aja amaoneka pakati pa Colosseum pa zithunzi, matabwawo poti adatha kalekale. M'menemo munali makola a nyama, zida, ndi zikepe zokwezedwa ndi anthu opukusa zingwe. Nyama inkakwezedwa m'khola mpaka pa kachitseko, n'kungotulukira pakati pa bwalo mwadzidzidzi. Mu 2015 akatswiri adamanga chikepe chimodzi chotere potsata zizindikiro zotsala m'makoma, ndipo chidagwira ntchito. Olemba akale amati pa zionetsero zotsegulira bwaloli adadzazamo madzi. Akatswiri amatsutsana za mmene zidachitikira, koma zipinda zapansizi zitamangidwa sizikadathekanso. Nkhondo zikuluzikulu za zombo, zotchedwa *naumachia*, zinkachitikira pa maiwe okumba mwapadera kapena pa nyanja zenizeni.

Tsiku la chionetsero

M'mawa kunali *venatio*, kusaka nyama: mikango, akambuku, zimbalangondo, ng'ombe zamphongo, nthiwatiwa, nthawi zina mvuu, ng'ona ndi zipembere. Masana kunali kupha akaidi oweruzidwa kuti afe, ena powaponyera ku zilombo, ena powatentha. Madzulo ndiye kunkabwera magladieta.

Magawo atatuwa anthu amawasakaniza kawirikawiri, koma ndi osiyana. Woweruzidwa wa masana analibe mwayi wotuluka wamoyo. Wolemba wina wa nthawiyo, Seneca, amene adaonerapo gawo limeneli, adalemba kuti kunali kupha basi, ndipo adabwerera kwawo ali munthu woipa mtima kuposa mmene adapitira. Gladieta anali wina. Ambiri anali akapolo, ogwidwa ku nkhondo kapena akaidi, ena anali mfulu zolowa mwa kufuna kwawo chifukwa cha ngongole kapena kutchuka. Ankaphunzitsidwa pa sukulu yotchedwa *ludus*, kudyetsedwa balere ndi nyemba, ndi kuchiritsidwa akavulala. Galen, sing'anga wotchuka wa nthawiyo, adayamba ntchito yake posamalira magladieta ku Pergamon. Ankawaphatikiza mwadala kuti pasakhale wopambana wodziwikiratu. *Retiarius*, wa ukonde ndi mkondo wa mano atatu, wopanda chisoti, ankamenyana ndi *secutor* wa chishango chachikulu ndi chisoti chachitsulo chokhala ndi timabowo tiwiri ta maso. Wina ali ndi liwiro, wina ali ndi chitetezo koma akupuma movutikira. Panali woyimbira wonyamula ndodo, panalinso oimba nyimbo.

Wogonja ankakweza chala kupempha kuti amuleke. Khamu linkafuula maganizo ake, ndipo wokonza chionetsero ndi amene ankagamula. Kupha gladieta kunali kodula, chifukwa wokonzayo ankayenera kulipira mwini sukulu mtengo wake wonse. Katswiri wa ku France Georges Ville adaunika nkhondo 100 za m'zaka 100 zoyambirira za AD n'kupeza kuti mwa omenyana 200 adafa ndi 19. Chiwerengerochi chimatsutsa zimene timaona m'makanema zoti nkhondo iliyonse inkathera pa imfa. Sichichepetsa nkhanza zake. Munthu womenyana kangapo pa chaka ndi mwayi wotere sankakalamba, ndipo miyala ya pamanda a magladieta ambiri imaonetsa zaka za m'ma 20. Amene wapirira mpaka kumasulidwa ankapatsidwa lupanga lamtengo lotchedwa *rudis*.

Zinthu ziwiri zotchuka zilibe umboni wolimba. Olemba akale amatchula kutembenuza chala chachikulu koma safotokoza ngati kuloza pansi ndiko kunali imfa. Ndipo malonje amene ambiri amati magladieta ankapereka kwa mfumu, oti "ife amene tikukafa tikukupatsani moni" adalembedwa pa chochitika chimodzi chokha, nkhondo ya zombo yomwe mfumu Claudius idakonza pa nyanja ya Fucinus mu 52 AD, ndipo adawanena ndi akaidi.

Nanga Akhristu? Kuti adaphedwa m'mabwalo ozungulira n'zoona ndithu: Blandina ndi anzake ku Lyon mu 177, Perpetua ndi Felicitas ku Carthage mu 203. Koma amene Nero adawapha mu 64 AD sadafere mu Colosseum, poti inali isanamangidwe. Adafera m'minda yake ndi ku circus ya ku Vatican. Za mu Colosseum mwenimwenimo zimachokera kwambiri ku mwambo wa mpingo wa m'zaka za pambuyo pake.

Mbali ya Africa

Nyama zambiri za m'mawa zija zinkachokera kumpoto kwa Africa, moti Aroma ankangotchula akambuku ndi mikango kuti zilombo za ku Africa. Panali malonda aakulu: osaka, asilikali othandiza kutchera, eni zombo. Zithunzi za timiyala za pansi pa nyumba ina ku Piazza Armerina, pa chilumba cha Sicily, zimaonetsa amuna akukweza nthiwatiwa, njovu ndi nyama zina m'zombo. Mu 55 BC Pompey adaonetsa mikango 500 kapena kuposerapo ndi njovu ngati 20. Njovuzo zitalasidwa zidalira mpaka anthu adazimvera chisoni n'kuyamba kutukwana Pompey. Cicero, amene analipo, adalemba kuti anthu adaona ngati nyamazo zili ndi ubale ndi munthu.

Africa inalinso ndi mabwalo akeake. La ku Leptis Magna, ku Libya ya lero, adalisema m'nthaka mu 56 AD, Colosseum isanayambe n'komwe. La ku El Jem ku Tunisia, mzinda womwe unkatchedwa Thysdrus ndipo udalemera ndi mafuta a maolivi, lidamangidwa cha mu 238 AD. Ndi lotalika mamita 148, linkakwana anthu pafupifupi 35,000, ndipo UNESCO idaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1979. Olipira zionetsero m'mizinda imeneyi anali olemera a komweko. Chithunzi china cha timiyala chopezeka ku Smirat chimaonetsa munthu wotchedwa Magerius akulipira gulu la osaka madinari 1,000 pa kambuku aliyense mwa anayi, kuwirikiza mtengo umene adapempha, khamu likumutamanda. Adalemba zonsezi pansi pa nyumba yake kuti alendo aziwerenga.

Chifukwa chiyani boma linkawononga chuma chonsechi

Pali mayankho awiri, ndipo onse ali ndi umboni. Loyamba ndi la wandakatulo Juvenal, yemwe adadandaula kuti anthu amene kale ankasankha atsogoleri tsopano akungofuna zinthu ziwiri, mkate ndi mipikisano ya ku circus. Mwa maganizo amenewa, zionetsero zinali zotseka anthu pakamwa. Mfumu Trajan itagonjetsa dziko la Dacia idachititsa zionetsero za masiku 123, magladieta 10,000 ndi nyama 11,000, ndipo palibe amene akadakayika kuti mphamvu zili ndi ndani.

Yankho lachiwiri limati zisankho zitatha mphamvu, bwalo ndi limene lidatsala ngati malo okhawo amene anthu wamba ankaonana ndi mfumu maso ndi maso. Ankafuula za mtengo wa tirigu, za misonkho, za nduna imene sakuifuna, ndipo munthu m'khamu ndi wovuta kumugwira. Mfumu yosabwera ku zionetsero, kapena yobwera n'kumawerenga makalata ngati mmene Julius Caesar ankachitira, inkanyozedwa. Bwalo linalinso poonetsera chilango cha boma poyera, kuti onse aone zimene zimagwera wachifwamba ndi woukira.

Kutha kwake kudabwera pang'onopang'ono. Atsogoleri a mpingo monga Tertullian ndi Augustine, onse a kumpoto kwa Africa, adadzudzula zionetserozi kwambiri. Chuma cha mizinda chidatsika, nyama zidasowa ndi kukwera mtengo. Nkhondo za magladieta zidazilala m'zaka zoyambirira za m'ma 400, koma kusaka nyama mu Colosseum kudapitirira mpaka 523. Kenako nyumbayo idasanduka malo okhala, mashopu, linga la banja la Frangipane, ndi mgodi wa miyala yomangira matchalitchi ndi nyumba za olemera. Chivomerezi cha mu 1349 chidagwetsa mbali ya kummwera. Papa Benedict XIV adaipatula pokumbukira ofera chikhulupiriro cha m'ma 1750, zomwe zidathandiza kuletsa kugumula, ndipo mwambo wa Njira ya Mtanda pa Lachisanu Loyera umachitikabe pamenepo. M'bwalo la ku Arles ku France mudamangidwa nyumba zoposa 200 zokhalamo anthu, ndipo zidachotsedwa m'ma 1800.

Khamu likachuluka

Vuto lomwe Aroma adalimbana nalo ndipo lidakalipo ndi la chitetezo cha khamu. Mu 27 AD, ku Fidenae pafupi ndi Roma, munthu wina wotchedwa Atilius adamanga bwalo la matabwa mothamanga pofuna phindu, maziko osalimba, mitengo yosalumikiza bwino. Anthu adadzaza tho, bwalolo n'kugwa. Suetonius amati adafa anthu oposa 20,000, pamene Tacitus amati ofa ndi ovulala onse pamodzi anali 50,000. Manambala a olemba akale amafunika kuwatenga mosamala, koma ngakhale titawadula pakati, ngoziyo inali yoopsa. Makomo 76 a manambala a ku Colosseum adamangidwa patapita zaka pafupifupi 50 ngoziyo itachitika. Ife sitikufunika kuuzidwa kuti khomo ndi nkhani ya moyo ndi imfa: pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, adamwalira pa kupanikizana pa zipata za Bingu National Stadium. Pambuyo pa ngozi ya ku Fidenae, Senate idathamangitsa Atilius m'dziko, idaletsa aliyense wa chuma chosakwana masesitesi 400,000 (ndalama za Aroma) kukonza chionetsero cha magladieta, ndipo idalamula kuti bwalo lisamangidwe pa nthaka imene kulimba kwake sikudayesedwe.

Ziwawa za ochemerera nazonso adazidziwa. Mu 59 AD, pa chionetsero cha ku Pompeii, eni mudzi adayamba kutukwanizana ndi alendo ochokera ku mzinda woyandikana nawo wa Nuceria. Zidachoka pa mawu kufika pa miyala, kenako malupanga, ndipo a ku Nuceria ambiri adaphedwa kapena kulumala. Nkhani idafika kwa Nero, iye n'kuitumiza ku Senate. Chigamulo chidali chakuti Pompeii isachititse zionetsero zotere kwa zaka 10, magulu osavomerezeka a mumzindawo athetsedwe, ndipo wokonza chionetserocho, Livineius Regulus, pamodzi ndi oyambitsa chipolowe achotsedwe m'dziko. Munthu wina wa ku Pompeii adajambulitsa ndewu yonseyo pa khoma la nyumba yake, bwalo, chinsalu cha mthunzi, ogulitsa malonda pansi pa mitengo ndi anthu akumenyana m'misewu. Phulusa la phiri la Vesuvius lidakwirira nyumbayo mu 79 AD, ndipo chithunzicho tsopano chili m'nyumba yosungira zinthu zakale ku Naples.